Mmene tinagwetsera Garchomp wa pa Nsaru

Chaka chatha, mwezi wa Ogasiti uli pakati, ndinanyamuka ku Lilongwe kubwerera kwathu kufupi ndi Nsaru ndili ndi digiri m'chikwama, makalata ofunsira ntchito osayankhidwa m'foni, ndi kandalama kokwanira kabaza basi. Kumudzi anali atagulitsa kale soya, kutatsala mtedza wosenda. Ntchito yanga inali kuthandiza amayi mtedzawo m'mawa, masana n'kupita pa msika kukatchajitsa foni, poti kasola ka kwathu kamangokwanitsa mababu awiri.

Kumsikako ndi kumene ndinakumana ndi munthu amene anandikwapula milungu itatu yathunthu. Dzina lake ndilisunga. Tonse timangowatchula kuti Ainjiniya, chifukwa amakonza mafoni ndi mawailesi m'kashopu kamene kamakhalanso potchajira.

Ukamva za magemu pa malo ngati Nsaru, maganizo amathamangira ku mpira wa pa PlayStation kapena tebulo la pool. Zimenezo ziliponso. Koma pa benchi la panja pa kashopu kaja pamakhala anyamata anayi kapena asanu, mitu ili zyoli, osalankhulana, kenako wina n'kungokuwa ngati waponda moto. Ankasewera Pokémon Showdown. Anabweretsa ndi mnyamata wina amene amaphunzira ntchito zamanja ku Namitete, ndipo pofika nthawi imeneyo anali ndi gulu la pa WhatsApp mmene munali anzawo a ku Mpingu ndi ku Nambuma. Gemuyi ndi yaulere, simafuna kuti uike chilichonse m'foni, umangoitsegula pa intaneti ngati tsamba lina lililonse, ndipo simeza bandulo ngati TikTok. Kwa munthu wosagwira ntchito ngati mmene ndinalili, zimenezi zinali zokwanira kundikola.

Kwa amene simunaionepo, nkhani yake ili chonchi. Magemu a Pokémon anayamba ku Japan mu 1996, opangidwa ndi kampani ya Game Freak, ndipo lero zilombo zake zapitirira 1,000. Showdown, imene analemba Guangcong Luo mu 2011, inangotengako mbali ya nkhondo yokha. Aliyense amasankha zilombo zisanu ndi chimodzi, koma m'bwalo mumalowa chimodzi chimodzi. Chilombo chilichonse chimakhala ndi zida zinayi, luso limodzi lobadwa nalo, ndi kachinthu kamodzi konyamula kamene ife pa benchi timati chithumwa. Osewera awiri amasankha chochita nthawi imodzi popanda kuona za mnzake, ndipo chilombo chaliwiro ndicho chimayamba kumenya. Ukhozanso kubweza chilombo chako n'kulowetsa china, koma cholowacho chimalandira nkhonya imene mnzako wasankha kale. Pali mitundu 18 ya zilombo ndi zida, ina yogonjetsa inzake: madzi amazima moto, moto umatentha chitsulo, choncho basi. Changu cha zala chilibe ntchito. N'chimodzimodzi bawo, kungoti mnzako amasewera nthawi yomweyo imene iwe ukusewera.

Ndiye pali Garchomp. Ndi chilombo chooneka ngati shaki yoyenda ndi miyendo iwiri. Chinayamba kuoneka m'magemu a Diamond ndi Pearl mu 2006, ndipo amene anasewera magemu amenewo sachiiwala, chifukwa ndicho chinali chida chachikulu cha Cynthia, katswiri amene umayenera kumugonjetsa kumapeto. Pa manambala a gemu, mphamvu yake yomenyera ndi 130, liwiro 102. Ka 2 kameneko musakapeputse. Zilombo zambiri zamphamvu zili ndi liwiro la 100, ndiye zikakonzedwa mpaka pamapeto zimafika 328 pamene Garchomp amafika 333. Kusiyana kwa 5 kokha kumatanthauza kuti iye ndiye ayamba kumenya, ndipo m'gemu iyi woyamba kumenya nthawi zambiri safuna kumenya kachiwiri.

Ainjiniya ankamugwiritsa ntchito mofanana tsiku lililonse, koma zinkatheka tsiku lililonse. Ankayamba ndi chilombo china chimene chimamwaza miyala kumbali yako, chida chotchedwa Stealth Rock, kuti chilombo chako chilichonse chikamalowa chizidulidwa moyo pang'ono. Kenako ankadikira. Akaona kuti m'bwalo muli chilombo chako chimene sichingamuchite kanthu Garchomp, ankamulowetsa. Iwe chifukwa cha mantha umabweza chako kuti ulowetse china, ndipo ulendo umene watayawo iye amavina Swords Dance, chida chimene sichimenya koma chimachulukitsa mphamvu kawiri. Mphamvu ya 359 imasanduka 718. Kuchoka apo kumakhala kusesa: Earthquake, Earthquake, Outrage, gemu yatha. "Madala, ina?" ankandifunsa choncho, maso ali pa foni ya kasitomala imene akuimasula.

Yankho langa loyamba linali la munthu wopsa mtima. Ndinati ngati iwo ali ndi chimphona, inenso ndipeze chimphona. Ndinaika Garchomp wangawanga, n'kudzaza timu yonse ndi zilombo zomenya kwambiri, ngati kochi amene walowetsa omwetsa zigoli 11 n'kuiwala goloboyi. Zotsatira zake mukuziganizira kale. Ma Garchomp awiri a liwiro lofanana akakumana, kompyuta imangochita mayere kuti ayambe ndani, ndipo nthawi zambiri wa Ainjiniya ankakhala atavina kale wanga asanalowe n'komwe. Ndinkabwerera kunyumba nditakwiya, n'kumakalipa zinthu zosayenera kukalipa. Panopa ndimaona kuti si gemu yokha imene inkandiwawa. Munthu ukakhala miyezi ukutumiza makalata osayankhidwa, kugonja kwina kulikonse kumagwera pa bala lomwelo.

Amene anasintha zinthu ndi mlongo wanga wamng'ono. Anali atalemba mayeso a MSCE ndipo ankadikira zotsatira, nthawi ili yambirimbiri. Madzulo ankakhala pafupi n'kumasuzumira pa foni yanga. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi chinthu chimenechi chilibe chimene chimaopa?" Ndinamuyankha mwamwano kuti akatsuke mbale. Mawa lake ndinamupeza atatenga kope lotsala la Biology, atajambula mizere, akulemba mtundu uliwonse ndi zimene umaopa.

Zimene analemba si zachinsinsi, aliyense akhoza kuzipeza, kungoti ine sindinafune kukhala pansi. Garchomp ali ndi mitundu iwiri, Dragon ndi Ground, ndipo yonse iwiri imaopa Ice, madzi oundana. Kawiri kuchulukitsa ndi kawiri, ndiye kuti chida cha Ice chimamupweteka kanayi. Earthquake, chivomezi chake chija, sichikhudza chilombo chouluka. Outrage sigwira chilombo cha mtundu wa Fairy, mtundu umene opanga gemu anauwonjezera mu 2013 m'magemu a X ndi Y, zilombo za Dragon zitafika povuta. Komanso Outrage ili ndi msampha wakewake: ukaiyamba umakakamizika kuibwereza maulendo awiri kapena atatu osasintha, kenako chilombo chako chimasokonezeka mutu. Pamapeto pa tsambalo mlongo wanga analemba mawu awiri n'kuwatsekera mzere kunsi: zida zinayi.

Poyamba sindinamve chimene ankatanthauza, ndipo ndinathamangira njira yooneka yachidule. Ndinatenga Mamoswine, chilombo chaubweya chokhala ndi minyanga ngati njovu, cha mitundu ya Ice ndi Ground. Liwiro chilibe, koma chili ndi Ice Shard, chida chimene chimadumpha mzere n'kuyamba kumenya ngakhale mdani akhale waliwiro chotani. Ndinafika pa benchi ndikumwetulira. Garchomp anavina, anagwetsa chilombo changa chimodzi, ine n'kulowetsa Mamoswine, n'kudina Ice Shard. Pamenepo Garchomp ananyezimira ngati galasi n'kusanduka chitsulo.

Kuyambira m'magemu a Scarlet ndi Violet a 2022, wosewera aliyense amaloledwa kamodzi pa gemu kusintha mtundu wa chilombo chimodzi. Amati Tera. Ainjiniya anali atakonza kuti Garchomp wawo azisanduka wa mtundu wa Steel, ndipo chitsulo sichimva Ice kwenikweni. Nkhonya imene ndimayembekeza kuti imaliza nkhani inangochotsa pang'ono kuposa gawo limodzi mwa magawo 10 a moyo wake. "Ayisi wanuyo mukaike mu thobwa, madala," anatero Ainjiniya, benchi lonse n'kufa nacho chiseko.

Apa ndi pamene ndinayamba kuwerenga zimene osewera akale amalemba pa Smogon, gulu la pa intaneti limene limakonza malamulo a mipikisano yambiri ya pa Showdown. Iwo amasiyanitsa mayankho awiri. Pali chilombo chimene amati counter: chimatha kulowa m'bwalo mdani ali mkati, kulandira nkhonya yake iliyonse, n'kupambanabe. Ndiye pali chimene amati check: chikhoza kumugwetsa mdaniyo, koma chikalowa pamene iye akumenya chimafa chisanachite kanthu, choncho chimadikira kuti mnzake agwe kaye kuti chilowe mwaulere. Ife tinazipatsa mayina athu, mlonda ndi wobwezera. Mamoswine wanga anali wobwezera chabe, ndipo ine ndinkamutuma ntchito ya mlonda.

Tinayamba kusaka mlonda. Woyamba anali Corviknight, chikhwangwala chachitsulo. Poti chimauluka, Earthquake sichikhudza, ndipo poti ndi chitsulo, Outrage imangochikanda. Koma Garchomp wa Ainjiniya anali ndi Fire Fang, mano amoto, ndipo atavina kamodzi ankachigwetsa ndi kuluma kuwiri. Wachiwiri anali Clefable, kachilombo kapinki ka mtundu wa Fairy kooneka ngati chidole cha mwana. Kakhoza kukhala ndi luso lotchedwa Unaware, limene limachititsa kuti kasalabadire kuvina konse kwa mdani. Garchomp avine kawiri kaya katatu, kwa Clefable nkhonya imafika ngati sanavine. Tsiku limenelo ndinapambana koyamba. Ndinayenda ulendo wobwerera kunyumba ngati munthu amene waitanidwa kukayamba ntchito Lolemba.

Chisangalalocho chinakhala masiku awiri. Tsiku lachitatu Garchomp anasanduka chitsulo n'kumenya Clefable ndi Iron Head, chida cha Steel chimene zilombo za Fairy zimachiopa. Ndinafika kunyumba ndikudandaula kuti munthuyu ali ndi yankho pa chilichonse. Mlongo wanga anangotsegula kope n'kuloza mawu awiri aja. "Achimwene, malo ndi anayi. Swords Dance ndi Earthquake sangazichotse. Akaika Iron Head ndiye kuti achotsa china. Funso ndi lakuti achotsa chiti." Ananena zoona. Chilombo champhamvu chikhoza kukhala ndi mankhwala a mlonda aliyense, koma sichingawanyamule onse tsiku limodzi. Vuto ndi lakuti gemu ikamayamba umaona zilombo zisanu ndi chimodzi za mnzako, koma zida zake suziona mpaka atazigwiritsa ntchito.

Njira zina tinaziyesanso, ndingozitchula mwachidule. Ukachitentha chilombo ndi Will-O-Wisp, nkhonya zake zathupi zimatsika ndi theka, koma chidachi chimagwira maulendo 85 pa 100, ndipo amaphonya amakonda kubwera tsiku limene ukuchifunitsitsa. Luso la Intimidate limachotsako gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya mdani amene sanavine, chilombo chako chikangolowa. Chithumwa cha Choice Scarf chimawonjezera liwiro ndi theka, koma chimakumangirira ku chida chimodzi mpaka utatuluka m'bwalo. Zonsezi zimathandiza, koma palibe chimene chinkagwira ntchito chokha.

Nthawi imeneyo m'gulu la pa WhatsApp munabuka mkangano. Mnyamata wina wa ku Nambuma anati tingomuletsa Garchomp basi. Maganizowa si achilendo. Mu 2008 a Smogon anamuchotsadi Garchomp mu mpikisano wawo waukulu wa nthawi imeneyo, ndipo china mwa zifukwa chinali luso lake la Sand Veil, limene linkachititsa kuti m'chimphepo cha mchenga nkhonya imodzi mwa zisanu iphonye. Ukhoza kukonzeka bwinobwino, n'kuluza chifukwa cha mayere. Ngakhale opanga gemu eniake amabweza dzanja akaona kuti analakwitsa: Mega Kangaskhan ankamenya kawiri pa ulendo umodzi, nkhonya yachiwiri ili theka la yoyamba, ndipo atavutitsa anthu kwa zaka, mu 2016 anaitsitsa kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Ine ndimavomereza kuti chilombo chizichotsedwa ngati chafika poti aliyense akukakamizika kunyamula mayankho omwewo kuti angopuma. Koma za pa Nsaru sizinafike pamenepo. Garchomp ndi wololedwa m'malamulo amene tinkatsata, anthu kunja kuno amamugonjetsa tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chinkativuta ife chinali ulesi wowerenga. Ndinavota kuti akhale, ngakhale kuti mwa onse amene anavota, wokwapulidwa kwambiri ndinali ine.

Usiku wina, pa bandulo yausiku, mlongo wanga anapeza kanema wa mpikisano wa dziko lonse wa 2014 umene unachitikira ku Washington, D.C. Anapambana ndi Sejun Park wa ku South Korea, atagonjetsa Jeudy Azzarelli wa ku America m'ndime yomaliza. Chimene anthu amakumbukira mpaka lero ndi Pachirisu, kagologolo koyera kamene manambala ake onse akaphatikizidwa amakwana 405 pamene a Garchomp ndi 600. Mumpikisano umenewo zilombo zimalowa ziwiriziwiri, ndipo ntchito ya kagologoloko inali kuitana nkhonya zonse kuti zigwere pa iko ndi chida cha Follow Me, mnzake ali pambali akumenya mwamtendere. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti Park nayenso anali ndi Garchomp mu timu yake. Sanakane zimphona. Anangodziwa kuti chimphona chimafuna wina wochigwirira ntchito yonyozeka. Tinauonera kawiri kanemayo, amayi n'kudzuka kudzatifunsa ngati mtedza udzisenda wokha mawa.

Za amayi ndinenepo pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri nkhani ya foni ndi nkhondo. Iwo sankaona kusiyana pakati pa gemu yathu ndi kubetcha mpira kumene kwamaliza ndalama za anyamata ambiri m'dera lathu, ndipo mantha awo ndinkawamvetsa. Tinagwirizana kuti foni izigwiridwa ntchito zapakhomo zikatha, komanso kuti pasakhale ndalama yoikapo. Chimene chinawafewetsa mtima si mawu anga koma kope lija. Ataona masamba odzaza masamu anangoti, "Bola akuwerengera," n'kutuluka.

M'kopemo ndi mmene munatuluka yankho. Showdown imalola kusunga gemu imene yatha kuti uionerenso, ndipo mlongo wanga, amene anaphunzira bawo kwa atsibweni ndipo sasuntha njere asanawerenge maenje a mnzake, anakhala pansi n'kuonera magemu anga onse ogonja. Sanali kuyang'ana Garchomp. Ankayang'ana Ainjiniya. Anapeza kuti maulendo 6 amene Mamoswine analowa moyang'anizana ndi Garchomp, maulendo onse 6 Ainjiniya anadina Tera nthawi yomweyo, osadikira.

"Ndiye musamenye ndi ayisi," anatero. "Chitsulo chimaopa chiyani?"

Chitsulo chimaopa moto, chimaopa zida za Fighting, chimaopanso Ground. Ndipo Mamoswine ali ndi Earthquake yakeyake. Pa Showdown pali tsamba lowerengera nkhonya, ndipo titaikamo manambala linatiuza kuti Earthquake ya Mamoswine wokonzedwa kuti azimenya kwambiri imachotsa moyo wopitirira 370 pa Garchomp wachitsulo, pamene moyo wake wonse ndi 357. Chishango chimene Ainjiniya ankadalira ndicho chinali khomo.

Koma panali mfundo ziwiri zomasula. Earthquake sidumpha mzere ngati Ice Shard, ndiye Garchomp ayamba kumenya, ndipo atavina, Mamoswine sangapirire. Mankhwala ake ndi chithumwa cha Focus Sash, chimene chimasiyira chilombo kadontho kamodzi ka moyo pa nkhonya imene ikanachipha. Koma chithumwachi chimagwira ntchito pokhapokha moyo uli wodzaza, ndipo miyala ija ya Stealth Rock imamudula Mamoswine gawo limodzi mwa magawo 8 akangoponda m'bwalo. Ndiye kuti miyala iyenera kuchoka iye asanalowe. Wochotsa miyala ndi Corviknight, ndi chida cha Defog. Mapulani onse anakhala a zilombo ziwiri: wina asese bwalo n'kufa, wina alowe mwaulere n'kumenya kamodzi. Mlonda weniweni sitinamupeze, tinangomuphatikiza kuchokera ku zidutswa.

Loweruka lina kumapeto kwa Seputembala anyamata anakonza kampikisano ka anthu asanu ndi atatu. Ndalama panalibe. Wopambana amatchaja foni mwaulere mwezi wathunthu, ndipo akapambana Ainjiniya, enafe timawagulira chipisi cha pa chiwaya. Ine ndinagwa m'ndime yoyamba, kwa mnyamata wa ku Mpingu amene analibe n'komwe Garchomp. Ndinali nditaika mtima wonse pa chilombo chimodzi n'kuiwala kuti mdani amabwera ndi zisanu ndi chimodzi. Mlongo wanga analowa ndi dzina lake, pa foni yanga. Wina pa benchi anafunsa ngati sitinasokere njira ya kuchigayo. Sanamuyankhe. Anapambana magemu awiri n'kufika komaliza, kumene Ainjiniya ankadikira.

Netiweki pa benchi imabwera n'kumapita, ndipo pa Showdown wotchi ikayatsidwa, ukachedwa kusankha umaluza ngakhale ukutsogola. Choncho mlongo wanga anakakhala pa chulu cha kuseri kwa mashopu kumene imagwira bwino, ife tonse titamuzungulira, Ainjiniya ali m'shopu mwawo ndi owachemerera awo. Batire inali pa 31.

Chiyambi chinali chotopetsa kuonera. Ainjiniya anamwaza miyala, iye anaichotsa, iwo anamwazanso. "Mukusewera kapena mukusesa pabwalo?" wina anafunsa. Patapita maulendo angapo anagwetsa chilombo chomwaza miyala chija, koma chinafa chitamwaza kachitatu. Apo Garchomp analowa. Mlongo wanga analowetsa Corviknight, miyala inamudula, Garchomp anavina. Ulendo wotsatira Fire Fang inachotsa kupitirira theka la moyo wa chikhwangwalacho. Tonse tinkaganiza kuti wasankha Roost, chida chobwezeretsa moyo, poti ndi zimene aliyense wa ife akanachita. Pa sikirini panatuluka Defog. Miyala inachoka. Kuluma kwachiwiri kunagwetsa Corviknight, ndipo kushopu kuja kunamveka kukuwa kwa chisangalalo.

Mamoswine analowa, moyo uli wodzaza. Ndinaona chala cha mlongo wanga chikudutsa pa Ice Shard n'kukaima pa Earthquake. Chinaima pamenepo mwina masekondi asanu. Ankadziwa zimene inenso ndinkadziwa: Ainjiniya akapanda kudina Tera ulendo uno, Earthquake singamalize Garchomp, ndipo akhoza kudzasanduka chitsulo ulendo wotsatira pamene ife tikudalira ayisi. Komanso Iron Head ili ndi mwayi wa 30 pa 100 wochititsa chilombo chomenyedwa kuuma thupi, osabwezera ulendo umenewo. Masamu onse a m'kope sakanachotsa 30 ameneyo. Anadina.

Garchomp ananyezimira n'kusanduka chitsulo. Iron Head. Mzere wa moyo wa Mamoswine unatsika mpaka kutsala kakang'ono ngati ulusi, Focus Sash inagwira. Panadutsa kamphindi kamene netiweki inkaganiza, palibe amene anapuma. Kenako Earthquake inatuluka, ndipo Garchomp anagwa.

Kushopu kunangoti zii. Gemu sinathere pomwepo, Ainjiniya anali ndi zilombo ziwiri zotsala, koma timu yawo yonse inamangidwa kuti itsegulire njira chilombo chimodzi, ndipo chitagwa, zotsalazo zinalibe mano okwanira kuboola Clefable. Patapita maulendo asanu ndi awiri anatuluka m'shopu, sikuludiraiva ili m'manja, n'kuyenda mpaka pa chulu. Anayang'ana ine kaye, ine n'kuloza mlongo wanga.

"Achemwali, munadziwa bwanji kuti ndidina Tera?"

"Mumadina nthawi zonse," anayankha, akundibwezera foni. Batire inali pa 9.

Mwezi wotchaja mwaulere tinaugwiritsa ntchito mpaka tsiku lomaliza, ndipo foni ya amayi inalowa nawo pa mgwirizanowo. Mu Novembala ndinapeza ntchito yolembalemba imene ndikugwira panoyi n'kubwerera ku tauni, foni yakale ija n'kumusiyira mlongo wanga. Ine masiku ano ndimasewera mwa apo ndi apo, ndipo ndikakumana ndi chilombo choopsa ndimayambabe ndi kufunsa kuti m'malo ake anayi mwasowa chiyani.

Ku Nsaru nkhondo sinathe. Ainjiniya anasiya kudina Tera mwachangu, kenako anachotsa Fire Fang n'kuika Scale Shot, chida chimene chimamenya kawiri mpaka kasanu pa ulendo umodzi. Ndi chithumwa cha Loaded Dice chimamenya kosachepera kanayi, ndipo Focus Sash ilibe mphamvu pa nkhonya zotsatizana chonchi. Mamoswine uja anapuma ntchito. Koma poti mano amoto achoka, Corviknight wasanduka mlonda weniweni, mpaka tsiku limene Ainjiniya adzasinthenso. Dzulo usiku ndinalandira chithunzi cha tsamba latsopano la m'kope, lodzaza mivi ndi manambala, pansi pake pali uthenga: "Achimwene, ndapeza china. Nditumizireni ya bandulo."